Cigaza ca ku Kabwe ndi Mtundu wa Munthu

Makolo a Anyanja anali ndi njira yao yogawira zamoyo: nyama, mbalame, nsomba ndi zokwawa. Koma mleme unawasautsa, pakuti uuluka ngati mbalame, komabe uli ndi mano ndi ubweya ngati mbewa. Bvuto lomweli linasautsanso ophunzira a ku Ulaya kufikira Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene m'caka ca 1735 anayamba kuika zamoyo m'magulu monga mwa mapangidwe a matupi ao. Pofika 1758 iye anali ataika mleme pamodzi ndi nyama zoyamwitsa, ndipo munthu anamuika m'gulu lomwelo, nampatsa dzina la Cilatini lakuti Homo sapiens, ndiko kunena munthu wanzeru.

Linnaeus anagawa, koma sanalongosole cifukwa cace zamoyo zifanana. Charles Darwin ndiye anayankha m'caka ca 1859, nanena kuti zamoyo zisintha pang'ono-pang'ono m'mibadwo yambiri, ndi kuti zofanana zicokera kwa kholo limodzi. Sananene kuti nyani wa lero ndiye atate wa munthu ai, koma kuti awiriwa ali ngati asuweni akutali. M'caka ca 1871 analemba kuti makolo oyamba a munthu ayenera kuti anakhala mu Afirika, ngakhale mafupa otsimikiza anali asanapezeke.

Umboni wina waukuru unaturuka m'dziko lino. Pa 17 June 1921, mu mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe, Tom Zwiglaar wa ku Switzerland pamodzi ndi wanchito wa ciAfirika anapeza cigaza m'phanga, mamita ngati 27 pansi pa nthaka. Dzina la mzunguyo lili m'mabuku onse, koma la mnzaceyo silinasungidwe. Cigazaco cinali ndi mphumi yopendekeka kumbuyo, mafupa okhuthala pamwamba pa maso, ndi mano ambiri obooka. Anacitumiza ku London, kumene Arthur Smith Woodward anati ndi mtundu wina wa munthu, naucha Homo rhodesiensis.

Dzinali silinakhale pa mtendere. M'caka ca 1928 W. P. Pycraft anaganiza kuti mwini cigaza ankayenda cowerama, nampatsa dzina lina lakuti Cyphanthropus. Koma ena atapimanso mafupa anaona kuti ankayenda coongoka monga anthu onse. Pambuyo pace ophunzira ambiri anamuika m'gulu la Homo heidelbergensis. Ndipo m'caka ca 2020 anapima zaka zace ndi njira zatsopano, napeza kuti zifika ngati 300,000. Nthawi yomweyo Homo sapiens woyamba anali ataoneka kale ku Morocco. Motero mu Afirika munali mitundu ingapo ya anthu pa nthawi imodzi. Apa paoneka kuti magulu a zamoyo sali malamulo osasinthika, koma maina amene akonzedwa umboni watsopano ukafika.

Nkhaniyi siili kutali ndi anthu a m'makomboni a Lusaka. Kanyama ndi madera ozungulira akhala pa mwala wa laimu, umene uli ndi mapanga ndi ming'alu, ndipo mwala wotere usunga bwino mafupa. Pa kaphiri ka Twin Rivers, makilomita 24 kumwera cakumadzulo kwa mzinda, J. Desmond Clark anakumba m'zaka za m'ma 1950, ndipo Lawrence Barham anakumbanso m'caka ca 1999. Anapezapo zida za miyala ndi tizidutswa tambiri ta miyala ya utoto, wina wofiira, wina wacikasu, zimene zapitirira zaka 200,000. Anthu akalewo sanali kufuna cakudya cokha. Anasankhanso mitundu ya utoto.

Cinthu cacisoni ndi ici, kuti phanga la ku Kabwe linagumulidwa lonse pokumba miyala ya mgodi, ndipo palibe angabwererenso kukaona mmene cigaza cinagonera. Cigaza ceniceni cili ku Natural History Museum ku London. Ku Livingstone Museum kuli cofanizira cabe. Boma la Zambia lapempha kuti cibwezedwe kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo mlanduwu unakambidwa ku UNESCO m'caka ca 2018.

Madzi akatayika saoleka. Amai ndi anyamata amene aphwanya miyala ku Kanyama ndi ku George kuti apeze ya ufa ndiwo angayambe kuona pfupa lomatirira ku mwala. Lamulo la 1989 linaika National Heritage Conservation Commission kuti isunge zotere, ndipo wopeza ayenera kuzisiya pomwepo ndi kukanena, pakuti pfupa locotsedwa pamalo pace litaya theka la mbiri yace. Ndipo wolemba nkhani ya cinthu cotere alembe dzina la amene anaciona poyamba, kuti zimene zinacitika m'caka ca 1921 zisacitikenso.