Mbiri ya Tindege Tosauluka

M'masitolo a m'mizinda yaikuru ya ku England, America ndi Japan mumagulitsidwa timabokosi tokhala ndi cithunzi ca ndege ya nkhondo pamwamba pace. Munthu akatsegula kabokosi kotere sapezamo ndege ai. Apezamo tizidutswa ta pulasitiki tambirimbiri tolenjekeka pa timitengo ngati zipatso pa nthambi, kapepala ka zizindikiro, ndi pepala lina losonyeza pomata kacidutswa kali konse. Nchito yotsala ndi ya wogulayo. Adula, apala, amata, apaka utoto, ndipo patapita masabata kapena miyezi, pa thebulo pace paima kandege kofanana ndi ndege yeniyeni m'zonse, koma kosauluka. Ana a m'makomboni a Kitwe ndi Luanshya, amene amapinda waya nakonza galimoto, adziwa kale kukoma kwa nchito yotere. Koma mwana wa waya amayesa ndi maso, pamene kandege ka m'bokosi kali ndi muyeso wace wosasinthika, ndipo muyeso umenewo unafikapo populumutsa miyoyo ya anthu ndi kubvutitsa maboma.

Muyesowo unayamba ku London mu 1932. Mnyamata wina dzina lace James Hay Stevens, asanakwanitse zaka 20, anajambula mapulani a tindege ta mitengo, timene kampani ya A. J. Holladay inayamba kugulitsa ndi dzina lakuti Skybirds. Zidole za ndege zinalipo kale, koma ciri conse cinali ndi ukuru wacewace, kotero kuti munthu sakanadziwa ndege yaikuru ndi yaing'ono poziika pamodzi. Stevens anaika tonse pa muyeso umodzi: inchi imodzi pa kandege iimire mainchi 72 pa ndege yeniyeni, ndiwo mapazi 6, msinkhu wa mwamuna wamtali. Ali yense amene anaonapo pulani ya mgodi m'ofesi ya oyesa pansi adziwa tanthauzo lace, pakuti pa pepala lija njira yaitali ya pansi pa nthaka imalembedwa ngati kamzere, koma kamzereko sikanama. Muyeso umenewu, wolembedwa 1/72, ugwirabe nchito kufikira lero.

Mu 1936 kampani ina ya ku London, yopanga ndege za FROG zouluka ndi mphira, inaturutsa tindege toyamba ta pulasitiki tomanga wekha, pa muyeso womwewo. Inaticha Penguin, dzina la mbalame ya ku maiko ozizira imene iri ndi mapiko koma siuluka. Pulasitiki ya masiku amenewo inali yopindika ikakhalitsa, ndi mtengo wace unali wa ana a anthu olemera okha.

Nkhondo yaikuru itabuka, tindegeti tinaleka kukhala zidole. Pa 6 September 1939, patangopita masiku atatu Angelezi atalowa m'nkhondo, ndege zao za mtundu wa Spitfire zinagwetsa ndege ziwiri za anzao za mtundu wa Hurricane pafupi ndi London, poziyesa za adani, ndipo woyendetsa mmodzi anafa. Ku Pearl Harbor, usiku wa pa 7 December 1941, asilikari a America amene anakanthidwa ndi Ajapani m'mawa mwace anaombera ndege zao zomwe pamene zinali kudzatera. Bvuto lace linali loonekeratu. Ndege iri kutali imaoneka ngati kambalame kakuda. Zizindikiro zace siziwerengeka. Ndipo msilikari wa pa mfuti yaikuru ali ndi kamphindi kocepa kokha kakuti adziwe ngati ndi mbale kapena mdani. Ayenera kuizindikira ndi kapangidwe ka mapiko, mphuno ndi mcira, monga mlenje azindikira kabawi ndi khwangwala ziri m'mwamba.

Tsono kumayambiriro kwa 1942 akuru a nkhondo ya pamadzi a ku America anapempha ana a sukulu a dziko lonselo kuti aseme tindege 500,000 ta mitengo, ta mitundu 50, ta abale ndi ta adani, tonse pa muyeso wa 1/72. Tonse tinapakidwa utoto wakuda, kuti msilikari asaphunzire mtundu wa utoto koma thupi la ndegeyo. Cifukwa ca muyesowo cinali ca masamu. Kandege kotere kakapacikidwa pa mtunda wa mapazi 35, kamaoneka monga momwe ndege yeniyeni ionekera iri pa mtunda wa pafupifupi theka la mailo. Kandege kali konse kanali kuyesedwa kasanalandiridwe, ndipo kolakwika kanali kubwezedwa, pakuti mwana wofupikitsa phiko ndi mpeni wace akanaphunzitsa msilikari bodza, ndi bodzalo likanapha munthu. Sikawirikawiri kuti nchito ya manja ya mwana wa sukulu ikhale ndi kulemera kotere.

Amene anafikitsa tindegeti m'manja mwa ana a anthu wamba anali munthu wopanga zipeso. Nicholas Kove, wocokera ku Hungary, anayambitsa kampani ya Airfix ku London mu 1939. Mu 1947 anayamba kupanga zipeso za m'thumba ndi makina otsanulira pulasitiki yosungunuka m'cikombole ca citsulo, monga woumba njerwa atsira dothi m'cikombole cace. Mu 1949 anapemphedwa kupanga tizifanizo ta thalakitala ya Ferguson, ndipo panaoneka kuti kulipira anthu omata tizidutswa kunali kudya ndarama zambiri kopambana kugulitsa tizidutswato tosamata. M'zaka zotsatira masitolo a Woolworths anabvomera kugulitsa cifanizo ca combo cakale ca Golden Hind, koma anakana kuti mtengo upitirire masheleni 2. Kuti mtengowo ukwanire, Airfix inataya bokosi niika tizidutswa m'kathumba ka pulasitiki kotsekedwa ndi pepala. Pambuyo pace panadza Spitfire ya 1/72, ndipo anyamata a ku England anayamba kuthamangira ku sitolo pa Ciweru ndi ndarama zao za m'thumba. Pulasitiki yace tsopano inali ya mtundu wina, wochedwa polystyrene, yosapindika. Kusema cikombole ca citsulo ndi nchito yodula kwambiri, koma cikasemedwa cimabala tindege zikwi ndi zikwi. Ndipo ngati wosemayo analakwitsa mphuno, mphuno yolakwikayo ibadwa pa tonse.

Nthawi imeneyi ndege zenizeni zinali zitasintha. Ndege yoyamba ya jeti, yopanda cipupiza kutsogolo, inauluka ku Germany pa 27 August 1939, ndipo pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 majeti anamenyana okhaokha, MiG-15 ya Arasha ndi F-86 Sabre ya America. Ziwirizi zinali zofanana moopsa: zonse za mapiko opendekera kumbuyo, zonse za citsulo conyezimira cosapaka, zonse zokhala ndi kamwa pamphuno. Oyendetsa Sabre anacita kupaka mikwingwirima yacikasu pa mapiko ndi pa thupi kuti asaomberane.

Kumanga kandege ka jeti kuli ndi mwambo wace, umene sunasinthe kwambiri kuyambira masiku amenewo. Jeti ya F-16, imene inayamba kuuluka mu 1974, ndi yaitali mapazi 49 ndi pang'ono. Pa muyeso wa 1/72 ituruka mainchi 8 ndi pang'ono, ndipo pa muyeso waukurupo wa 1/48 ipitirira phazi limodzi. Womanga amayamba ndi kacipinda ka woyendetsa, mpando wace ndi timawoci ta patsogolo pace, natipaka utoto ndi burashi ya nsonga ngati singano, pakuti mbali ziwiri za thupi zikamatidwa dzanja silingalowenso. Asanatseke amaika kacidutswa ka mtobvu m'mphuno. Ndege yeniyeni imaima bwino pa mawilo ace atatu, koma ya pulasitiki imalemera kumbuyo, ndipo woiwala mtobvu adzaona kandege kace katakhala pansi ndi mcira, mphuno kumwamba, popanda njira yokonzera. Comatira cace sicigwira monga ulimbo. Cimasungunula pulasitiki pang'ono kuti mbali ziwiri zisanduke cinthu cimodzi, monga acitira oocherera zitsulo m'shopu ya pa mgodi. Dontho limodzi likagwera pa galasi la woyendetsa, galasilo licita khungu. Pambuyo pace mzere wa polumikiza uyenera kutsekedwa ndi phala lomatira ndi kupalidwa kufikira utazimirira, pakuti ndege yeniyeni iribe msoko pamsana.

Pa utoto ndipo pagona mbiri yambiri, ndi mikangano yambiri. Kampani ya Humbrol ya ku Hull inachuka ndi tizitini tating'ono ta mamililita 14, kali konse ndi nambala yace. M'zaka za m'ma 1950 majeti ambiri anali a citsulo cosapaka. Pa nkhondo ya ku Vietnam ndege za America zinapakidwa mawanga obiriwira ndi ofiirira kuti zisaoneke pamwamba pa nkhalango. F-15 itayamba nchito m'zaka za m'ma 1970 inayamba yapakidwa mtundu wa thambo, koma kunapezeka kuti mtundu wotuwa ngati phulusa ndiwo ubisa ndege bwino m'mlengalenga, ndipo kuyambira pamenepo pafupifupi majeti onse a nkhondo anatuwa. Ngakhale nyenyezi ndi manambala, zimene kale zinali zofiira, zoyera ndi zabuluu, zinatuwanso.

Munthu wosadziwa angayese kuti kutuwa ndi kumodzi. Boma la America linalemba buku la mitundu ya utoto, lochedwa Federal Standard 595, m'mene mtundu uli wonse uli ndi manambala asanu. Nambala yoyamba inena ngati utoto ndi wonyezimira kapena ai, yaciwiri inena banja lace, kotero kuti 36118 ndi kutuwa kodera, ndi 36375 kutuwa koyererako. Womanga F-16 amafunafuna manambala otere monga munthu afunafuna mankhwala olembedwa ndi dotolo. Komabe akapaka utoto weniweniwo pa kandege ka mainchi 8, kamaoneka kakuda kopambana ndege yeniyeni, pakuti cinthu coonedwa patali cimayererako, monga phiri lakutali lioneka lotumbuluka. Cifukwa cace aluso ambiri amathiramo utoto woyera pang'ono. Pano pali cinthu codabwitsa: kuti kandege kanene zoona kwa maso, utoto wace uyenera kusiyana pang'ono ndi woona. Zizindikiro zimanyowetsedwa m'madzi ndi kutsetserekera pa thupi losalala, cifukwa pa utoto wokakala mpweya umatsalira pansi pace nuoneka ngati siliva. Potsiriza amapaka mwaye kumbuyo kwa injini ndi timizere ta mafuta, pakuti ndege ya nchito siikhala yoyera ngati mbale yotsuka.

Caka ca 1986 kandege ka pulasitiki kanalowa m'nyumba ya malamulo ya ku America. Kunali mphekesera zakuti boma liri ndi jeti yacinsinsi yosaoneka pa makina a radar, aja oona ndege ziri kutali ndi mafunde a wayalesi. Popeza manambala a ndege anadumpha kucokera pa F-18 kufika pa F-20, anthu anaganiza kuti yobisikayo ndi F-19. John Andrews, wojambula wa kampani ya Testors, anawerenga zonse zimene zinali poyera, naganizira yekha maonekedwe ace, ndipo kampaniyo inaturutsa kandege kakuda, kosalala, kozungulira m'mbali, kochedwa F-19. Mu July caka comweco ndege yacinsinsi inagwa pafupi ndi Bakersfield ku California, asilikari natseka malo onsewo, ndipo anthu anathamangira kukagula kandegeko mwa unyinji wosaonekapo. Phungu wina, Ron Wyden, anakanyamula pamaso pa anzace pa msonkhano wofufuza za mapepala acinsinsi osowa ku kampani ya Lockheed, nadandaula kuti ana akumanga ndege imene aphungu saloledwa kuiona.

Pa 10 November 1988 boma linaonetsa cithunzi ca ndege yeniyeniyo. Dzina lace linali F-117, inali itayamba kuuluka mu 1981, ndipo sinafanane ndi kandege ka Testors ngakhale pang'ono. Inalibe pozungulira, thupi lace lonse linali la mbali zaphwatalala ndi ngondya zakuthwa, ngati mwala wosemedwa. Kandege kamene kanagulidwa kopambana tina tambiri toyesedwa bwino kanali cifanizo ca ndege imene sinakhaleko.

Airfix yomwe inagwa mu 1981, nigulidwa ndi eni ena, ndipo mu 2006 inalowa m'manja mwa kampani ya Hornby pamodzi ndi Humbrol. Luso lalikuru la zikombole linakula kwambiri ku Shizuoka m'dziko la Japan, kwao kwa Tamiya ndi Hasegawa, ndipo ogula ambiri anasanduka amuna a imvi m'malo mwa anyamata a masheleni 2. M'zaka zapitazi opanga ena anayamba kuyesa ndege za m'nyumba zosungiramo zakale ndi kuwala kwa leza, kumene kumalemba ngondya iri yonse mu kompyuta.

Koma jeti yatsopano siyesedwa motero. F-35, imene inayamba kuuluka mu 2006, iri ndi khungu lomeza mafunde a radar, ndipo zimene ziri m'khungumo ndi cinsinsi ca boma. Pa ndege zoyamba za mtundu umenewu malo onse olumikiza anali ndi timizere totuwa moyererako, tokhota ngati mano a sowo, ndipo womanga amatha masiku akudula timapepala tomata kuti aphimbe kamzere kali konse asanapopere utoto. Mtundu wa khungulo amautenga pa zithunzi, ndi zithunzizo sizigwirizana, pakuti ndege imodzimodziyo imaoneka yodera pa mitambo, ndipo pa dzuwa imanyezimira ngati citsulo.