Kaundula wa Oganiziridwa Kuzunza Ana, New York

Ndi kaundula wa boma la New York, ku America, wotsegulidwa m'chaka cha 1973, mmene amalembamo maina a makolo ndi alezi amene ofufuza awapeza ndi chifukwa cha kuzunza kapena kulekerera mwana, ngakhale woweruza asanaumve mlanduwo. Akale anati mlandu suola, ndipo pano mawuwo akwaniritsidwa mowawa, pakuti dzina likalowamo lingakhalemo kufikira mwana wamng'ono wotchulidwa m'lipotilo atakwanitsa zaka 28, ndipo mwini dzinalo angatsekeredwe ntchito za ulezi. Mu 1994, pa mlandu wa Valmonte v. Bane, bwalo la apilo linapeza kuti umboni wochepa umene unkalembetsa munthu unali kuika osalakwa pangozi. Kuyambira 2022, umboni womuneneza uyenera kulemera koposa womuikira kumbuyo.