Nambala ya DIN siyenda yokha

Ku mapiri a Alps ndi kwina kumene anthu amatsetsereka pa chipale chofewa, wobwereka ski amafunsidwa kulemera kwake, msinkhu, zaka ndi luso, kenako mmisiri amapotoza sikuluwu ya chopanira jombo, chimene eni masewerawa amachitcha binding, mpaka ifike pa nambala inayake. Nambalayo amangoti DIN, potengera bungwe loona za miyezo la ku Germany, Deutsches Institut für Normung. Ambiri amaiyesa chitetezo chonse cha mwendo wawo. Apa ndiye pali vuto, chifukwa nambalayo imanena zoona pokhapokha jombo ikadali ndi maonekedwe amene chopaniracho chinapangidwira.

Ntchito ya chopanira yagona pa mawu awiri okokanakokana: kugwira ndi kumasula. Hjalmar Hvam, amene anathyoka mwendo mu 1937 n'kupanga chopanira cha Saf-Ski, ankafuna chinthu chogwira zolimba munthu akamathamanga koma chotaya jombo ngozi ikafika. Masiku ano mbali yakutsogolo imamasula cham'mbali mwendo ukapotoka, kuti fupa la msongolo lisathyoke, pomwe yakuchidendene imatukuka munthu akagwa chafufumimba. Komatu chopanira sichikhudza mwendo. Chimaluma timilomo tiwiri ta pulasitiki totuluka kumphuno ndi kuchidendene kwa jombo, ndipo muyezo wa ISO 5355 umati pa jombo ya wamkulu kamlomo kakutsogolo kakhale mamilimita 19 kuchoka pansi, kakumbuyo 30, kusiyana kololedwa kukhale milimita imodzi yokha. Pansi pa zala pali kambale koterera kotchedwa AFD, kawirikawiri ka Teflon, kamene jombo imaserereka pamwamba pake pomasuka. Choncho kunsi kwa jombo ndi chiwalo cha makinawo, ngakhale kuti amagulitsa padera.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chipale sichidya jombo kwenikweni. Imaperepeseka pa phula la poimika magalimoto, pa masitepe a konkire ndi pa miyala ya m'njira yopita ku phiri. Timilomo tikadyeka n'kubulungira, jombo imagwedera ndipo imatha kuvuka munthu ali pa liwiro. Kunsi kukakalika n'kulowa mchenga, jombo imakakamira pa AFD ndipo imachedwa kumasuka. Kutha kumodzi komweko kumabala zolakwika ziwiri zotsutsana, ndipo pano m'pamene mawu oti DIN amasocheretsa kwambiri: amene ski yamuvuka kawiri amathamangira kukweza nambala, poganiza kuti sipuling'i ya chopanira yafooka, chonsecho wolakwa ndi jombo. Wamanga mwendo wake molimba kuposa mmene fupa lingapirire.

Ena amati uku n'kukokomeza, popeza masipuling'i amalola kusuntha pang'ono ndipo zopanira zina zimasinthidwa kutalika kutsogolo. N'zoona, ndipo zikande za pamwamba pa jombo zilibe kanthu. Koma sikuluwu yosinthira kutalikako imangotseka mpata. Singabwezere m'mbali mwa kamlomo kodyeka kapena kusalaza pokalika. Enanso amadandaula mtengo wa jombo zatsopano, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, kungoti jombo zambiri zili ndi tizidutswa ta kumphuno ndi kuchidendene tomasula ndi sikuluwu n'kuikapo tina, komanso pali zovekera za labala zoyendera pa miyala. Popeza jombo ndi chiwalo cha makinawo, muyezo wa ISO 11088 umaona ski, chopanira ndi jombo ngati chinthu chimodzi, ndipo mmisiri woutsata amalowetsa jombo yeniyeniyo, n'kuipotoza ndi makina oyeza mphamvu imene yamasukira, osangokhulupirira chimene chalembedwa pa kawindo ka nambala.

Jombo za GripWalk, zokhala ndi labala wokhota kunsi kuti munthu aziyenda bwino, zabweretsa muyezo wakewake, ISO 23223, ndipo zimafuna chopanira chopangidwira kuzilandira. Jombo yotereyi, ngakhale yatsopano yosaperepeseka n'komwe, ikalowa m'chopanira chakale chodziwa ISO 5355 yokha, nambala ya DIN imanama chimodzimodzi.