Kuunika Kuli Pamitundumitundu

Munthu wa ku Nsaru kapena ku Mpingu akabwerako ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, amangouza abale kuti "andiunika" kapena "andijambula". Kuseri kwa mawu awiriwa kuli makina osiyana kwambiri, ndipo wodwala wodziwa kusiyana kwake amafunsa adokotala funso loyenera.

Mkulu wa onse ndi ekisireyi, imene Wilhelm Röntgen anaitulukira mu 1895. Cheza chake chimapyoza mnofu koma fupa limachitchinga, n'chifukwa chake fupa limaoneka loyera pachithunzi, pomwe mapapo odzaza mpweya amaoneka akuda. Kachigamba koyera pamapapo kangakhale chizindikiro cha chifuwa chachikulu, komabe makhololo ayenera kuyezedwa kuti zitsimikizike.

Sikani ya amayi oyembekezera ilibe cheza. Imatumiza m'thupi phokoso loti khutu silingamve, n'kujambula chithunzi kuchokera ku phokoso lobwerera. Mafuta ozizira opaka pamimba aja si mankhwala ayi, amangothamangitsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizo. Ndimafunitsitsa zimenezi zikanamafotokozedwa ku sikelo kulikonse, pakuti mayi woopa sikani angafike tsiku lochira asakudziwa kuti ali ndi mapasa, kapena kuti mwana wagona chopingasa.

CT ndi ekisireyi yozungulira thupi, kompyuta n'kumasanja zithunzizo ngati buledi wodulidwa magawomagawo. Cheza chake n'chochuluka, choncho saichita mwachisawawa. MRI imadalira maginito amphamvu. Chitsulo chilichonse chimatsala pakhomo. MRI yoyamba m'Malawi inafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 ndi thandizo la kampani ya General Electric, ndipo mu 2015 ofufuza anaonetsa nayo kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a muubongo amafa chifukwa ubongo watupa kwambiri. Nthambi ya zaumoyo ya kampaniyi inaima payokha mu 2023 ndi dzina loti GE HealthCare, ndipo chaka chomwecho malonda ake anaposa madola 19 biliyoni.

Ndalama zotere sizichokera pa kugulitsa makina kokha. Gawo lina limachokera pa pangano la kukonza: kampani imalipidwa chaka ndi chaka kuti itumize injiniya, zipangizo zosinthira ndi mapulogalamu atsopano. Apa ndi pamene kwathu timagwera. Makina amphatso amafika ndi nyimbo ndi nduna, koma pangano likatha, magetsi akathimathima, chubu cha ekisireyi chikapsa, mawu amene wodwala amamva ndi akuti "makina awonongeka, pitani ku chipatala cha Central". Kwa mlimi wa ku Kabudula amene wathyoka mwendo, zimenezi ndi kabaza, minibasi ndi ndalama ya fetereza. Makomiti a zipatala zathu asamalandire makina asanafunse kuti wokonza ndani, kwa zaka zingati, ndipo adzalipira ndani.