Kulondola Sitolo ya Agogo M'mafamu a ku Mashonaland

M'mabanja ambiri a ku Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi Nkhata Bay muli chithunzi chakale chimene chinabwera mu envulopu kuchokera ku Halale: bambo atavala jekete, ataima pakhonde la nyumba yamalata, pambali pake pali makina osokera a Singer. Adzukulu amakula akumva kuti iyo ndiyo sitolo ya agogo. Koma amene wayesa kuilondola lero amazindikira msanga kuti mapepala a boma sawadziwa agogowo.

Gwero lake ndi lamulo la malo la 1930, Land Apportionment Act, limene linapatsa azungu nthaka yachonde ya kumtunda kwa Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero. Ku Mazoe, Banket, Trelawney, Bindura ndi Karoi munthu wakuda sakanagula malo, nanji mlendo wochokera ku Nyasaland. Sitolo ya pafamu kawirikawiri inali ya mwini famuyo kapena ya wamalonda wina amene ankachita lendi, ndipo laisensi inkalembedwa m'dzina lawo. Agogo athu anali ogulitsa kuseri kwa kauntala, olemba buku la ngongole, kapena atelala a pakhonde. Zimenezi siziwachepetsa ayi. Pakomboni pomwe anthu ankalandira phoso la ufa, nyemba ndi mchere, munthu wodziwa kulemba ndi kuwerengetsa anali wolemekezeka, ndipo ambiri mwa otere anali ophunzira a m'sukulu za mishoni za kwathu. Ndiye ankadziwa amene watenga shuga, sopo, palafini kapena bulangete, ndi ndalama zimene adzadulidwe pa malipiro. Ngongoleyo ndiyo inamanga ambiri pafamu mpaka kusanduka matchona.

Anthuwa anafika m'njira zosiyanasiyana. Oyambirira anayenda pansi kudzera ku Tete, nawoloka Zambezi. Pangano la 1936 la maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri litachitika, kunabwera malole a Ulere onyamula anthu opita kukagwira ntchito, kenako bungwe lolemba anthu ntchito lodziwika kuti Mthandizi. Fodya wa Virginia atakwera msika nkhondo yachiwiri itatha, mafamu anadzaza ndi anthu olankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chitonga.

Popeza mapepala a boma sawadziwa agogowo, wofufuza asayambe ndi dzina lawo. Ayambe ndi dzina la famu. Achitembenuze chithunzicho: kuseri nthawi zina kuli chidindo cha wojambula ndi tauni yake, kapena keyala yolembedwa ndi pensulo. Akumbukire kuti mu 1982 maina anasintha. Sinoia ndi Chinhoyi, Umvukwes ndi Mvurwi, Marandellas ndi Marondera, Hartley ndi Chegutu, Sipolilo ndi Guruve. Ngati pakhoma pakuoneka mitengo ya katundu, nayonso ndi mboni: mashiling'i ndi mapeni akusonyeza kuti chithunzicho chinajambulidwa February 1970 asanafike, mwezi umene Rhodesia inayamba kugwiritsa ntchito dola.

Dzina la famu likapezeka, zitseko zina zimatseguka. Mapu a Surveyor-General amalemba maina ndi malire a mafamu, ndipo ofesi ya Deeds Registry ku Harare imasunga mndandanda wa eni ake. National Archives of Zimbabwe, imene inakhazikitsidwa mu 1935, ili ndi magazeti a boma, makalata a ma Native Commissioner ndi zithunzi zambiri. Ku Zomba, kosungira mbiri ya dziko lathu, kuli mafayilo a anthu opita kunja kukagwira ntchito. Mabuku a Zoë Groves, wolemba za matchona, ndi Blair Rutherford, amene anafufuza moyo wa ogwira ntchito m'mafamu a ku Hurungwe, amathandiza kumvetsa zimene mapepalawo sanena.

Komabe dzina lenileni la munthu limapezeka bwino kumene anthu ake ankalemba okha. Mpingo wa Amalawi umene Mbusa T.C.B. Vlok anakayambitsa ku Salisbury (Harare wa lero) mu 1912, umene unakhala Sinodi ya CCAP mu 1965, unali ndi mabuku a ubatizo ndi maukwati. Magulu othandizana pa maliro anali ndi makaundula awo. Akuluakulu a mizikiti ya Ayao ndi a madambwe a gule wamkulu amakumbukira mfunda, mudzi ndi mfumu ya munthu, zinthu zimene chitupa chinkalemba mokhotakhota.

Chovuta n'chakuti nthawi ikutha. Kulanda mafamu kutayamba mu 2000, masitolo ambiri anatsekedwa, mabuku a malipiro ndi ngongole anabalalika, ndipo mabanja a pakomboni anasamukira m'matauni a migodi ndi m'malo ena. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a matchona opanda dziko mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 atawabwezera ufulu. Okalamba amene anagulapo mchere pakauntala ya agogo akuchepa chaka ndi chaka. Amene muli ndi chithunzi chotere m'sutikesi, chijambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri, mutumize kwa abale a ku Zimbabwe, ndipo mufunse dzina la famu kwa azakhali akadali moyo.