Luso la Akalaliki Akale

Kalekale, cholembera chisanafike m'dziko muno, mfumu ikafuna kulankhula ndi mfumu inzake ya kutsidya kwa mtsinje, inkatuma nduna yodziwa mwambo, imene pofika pabwalo inkakhala pansi, niomba m'manja, nipereka malonje onse a ulendo wake isanatule chimene yadzera. Pakuti wamthenga wongofikira pankhani ankachititsa manyazi amene anamtuma.

Kalata ya pepala inafala ndi amishoni a Livingstonia, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndi a ku Blantyre chaka chotsatira, ndiponso ndi amalonda a ku Mandala. Boma la Harry Johnston litakhazikitsa positi mu 1891, amtengatenga ankayenda pansi ndi matumba a makalata usana ndi usiku, m'njira zimene mikango inali isanazisiye. Ndipo kalata yofulumira ya bwana mmodzi inkapanidwa pa kamtengo kong'aluka kunsonga, kuti thukuta la wonyamula lisaidetse.

Koma amene anaisandutsa kalata kukhala luso ndiwo akalaliki. Sukulu imene Robert Laws anaiyamba ku Khondowe mu 1894 inkaphunzitsa anyamata ntchito ya mu ofesi ndi ya lamya, kotero kuti posakhalitsa ana a ku Nyasaland anali kusunga mabuku m'migodi ndi m'masitolo a ku Bulawayo, ku Salisbury ndi ku Joni. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie, amene atagwirako ukalaliki ku Rhodesia anakayambitsa bungwe la antchito ku Cape Town mu 1919. Kuno kwathu Levi Mumba, mlembi wa North Nyasa Native Association imene inayamba mu 1912, anaonetsa kuti dandaulo lolembedwa mwadongosolo Atsamunda sakanatha kulikankhira kumbali monga ankachitira ndi mawu apakamwa, chifukwa likalowa mu fayilo linkafuna yankho.

Tayerekezani kuti mwaima pambali pa kalaliki wa pa Boma m'mawa. Watenga mapepala awiri, walowetsa kaboni pakati, wawakulunga m'makina otayipira. Pamwamba walemba tsiku ndi nambala ya fayilo, kenaka mutu wa nkhani, naudula mzere kunsi, kuti wolandira adziwe za mkati asanawerenge. Chala chikaphonya, cholakwacho chinkaoneka pa mapepala onse awiri, ndipo bwana wokhwima ankabweza kalata yonse kuti itayipidwenso. Motero munthuyo ankayamba wapima mawu ake mumtima asanagunde chilembo, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamya nayo, imene ankalipira pa liwu lililonse, inamphunzitsa kusataya mawu pachabe.

Si zonse za nthawi imeneyo zimene tingazilire. Kalata yopita kwa Disii inkatha ndi mawu odzitcha wantchito womvera ndi wodzichepetsa, ndipo kudzichepetsa kumeneko kunali kwa munthu wogwidwa pakhosi, osati kwa mwana wolemekeza akulu. Komabe n'zochititsa chidwi kuti kalaliki yemweyo, madzulo akamalembera makolo kumudzi, kapena akamalembera mnzake wa pamgodi wosadziwa kulemba, ankabwerera ku mwambo wa pabwalo: choyamba kufunsa za moyo wa onse, kunena kuti kuno aliko bwino, ndipo ndalama zimene watumiza ankazitchula kumapeto kwenikweni. Ankadziwa kuti ndani ayenera malonje aatali, ndipo ndani ayenera mizere itatu.

Imelo, imene Ray Tomlinson anaitumiza koyamba pakati pa makompyuta awiri ku America mu 1971, inafika kuno m'zaka za m'ma 1990, niitenga mafupa onse a kalata ya kalaliki: wolandira, tsiku, mutu wa nkhani, ngakhale kope la kaboni lija, limene lero lili pa mzere wa Cc. Chimene sinatenge ndicho kudekha, pakuti tsopano mawu amachoka mkwiyo wa munthu usanazizire, ndipo m'maofesi muno mwachuluka makalata opanda mutu, opanda moni, opanda dzina la wolemba, otumizidwa kwa anthu makumi awiri pamene nkhani ili ya mmodzi. Kalata yotere kalaliki wa pa Zomba akanaibweza.