Makalata a Boma ndi Cinenero ca m'Sukulu

Mphunzitsi wamkulu ali yense aidziwa kalata ya mtundu uja, yocokera ku likulu la maphunziro, yosalembedwa dzina la munthu mmodzi koma yopita m'masukulu onse pamodzi. Makalata otere amanena za masiku otsegulira ndi otsekera sukulu, za kasungidwe ka kaundula, za mayeso, ndi zina za tsiku ndi tsiku. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya mtundu umodzi wokha wa malamulo amenewa, ndiwo onena za cinenero cimene mwana ayenera kuphunzitsidwamo, pakuti ndi pamenepa pamene paoneka poyera kusiyana kwa zimene Boma lilamula ndi zimene zicitika m'kalasi. Boma la dziko lino lalamulapo kanai pa nkhani imeneyi, ndipo mwa kanaiko ndi kamodzi kokha kamene masukulu anacita monga lamulo linanenera.

Poyamba tikumbuke kuti kwa zaka 50 kunalibe ofesi ya Boma yolembera aphunzitsi kalata. Sukulu yoyamba inatsegulidwa ndi a Mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, ndipo pambuyo pace a Blantyre, a Likoma, a Mvera ndi a Katolika anamanga zao, ali yense ndi malamulo ace. Mphunzitsi wa pamudzi ankamvera mzungu wa pa mishoni, iye amene ankamlipira ndi kumpatsa masileti. Amishoni a macalici a Ciprotestanti ankakomana okha, monga anacitira ku Livingstonia mu 1900, ku Blantyre mu 1904 ndi ku Mvera mu 1910, napangana za makalasi ndi za maphunziro oyenera kalasi iri yonse. Boma linayamba kuthandiza mu 1907, ndipo thandizolo linali £1,000 pa caka, yogawana mamishoni onse. Munthu wopereka zocepa cotero analibe pakamwa polamulira.

Zinthu zinatembenuka atafika alendo a Phelps-Stokes mu 1924, otsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo pakati pao panali James Aggrey wa ku Gold Coast. Iwo anayamika amishoni, koma anadzudzula Boma cifukwa ca kuumira kwace. Tsono mu 1926 ofesi ya maphunziro inakhazikika ku Zomba, R. F. Gaunt nakhala mkulu wace woyamba, ndipo mu 1927 linaturuka lamulo loyamba la maphunziro. Kuyambira pamenepo ndalama za Boma zinayamba kudza ndi mau ace: sukulu yofuna thandizo inayenera kukhala ndi mphunzitsi wa setifiketi, kutsata maphunziro obvomerezedwa, ndi kulola woyendera masukulu kuti alowe. Mphunzitsi wamkulu anapezeka ali ndi ambuye awiri, mishoni ndi Boma, ndipo akulu ananena kale kuti mapanga awiri abvumbwitsa.

A ku Zomba anazindikira msanga kuti kalata payokha siphunzitsa munthu. Cifukwa cace mu 1929 anatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, ndi thandizo la bungwe la Carnegie la ku America, naika E. D. Bowman wa Mishoni ya Blantyre kukhala woyang'anira. Aphunzitsi okhwima ankapita kumeneko pamodzi ndi akazi ao, naphunzira zaka ziwiri, ndipo pobwerera ankayendera masukulu a m'midzi, kukhala pansi ndi mphunzitsi ndi kumuonetsa kacitidwe kace ka nchito. Anali ocepa kwambiri poyerekeza ndi masukulu a m'dziko lonse, koma nzeru yace inali yoongoka, yakuti lamulo lifike pasukulu pamodzi ndi munthu wodziwa kulimasulira.

Lamulo loyamba la cinenero linadza mu 1930, m'masiku a Bwanamkubwa Shenton Thomas. Komiti yolangiza Boma pa za maphunziro inabvomereza kuti Cinyanja cikhale cophunzitsira m'masukulu onse olandira thandizo, kuyambira kalasi yacinai kapena isanafike. Maganizo a Boma sanali obvuta kuwamva. Cinyanja cinali kale cinenero ca asilikali, ca apolisi ndi ca m'maofesi. Buku Lopatulika linali litaturuka mu 1922. Ndipo kusindikiza mabuku m'cinenero cimodzi kunali kosaononga ndalama. Koma a Livingstonia anakana. Iwo anali atagwira nchito zaka zambiri m'Citumbuka, aphunzitsi ao anali ozolowera comweco, ndipo anati mwana wamng'ono sangaphunzire bwino m'cinenero cimene amai wace sacilankhula. Mafumu a kumpoto anaima nao, ndiponso Levi Mumba, amene mu 1933 anakhala munthu wakuda woyamba kulowa m'komiti yolangiza ija. Tingachule pano kuti Mishoni yomweyi inayamba nchito yace m'Cinyanja, ndi kuti Robert Laws mwini wace anamasulira Cipangano Catsopano m'cinenero cimeneco. Ndiponso kuti si ana onse a kumpoto anali Atumbuka, pakuti Atonga ndi Ankhonde anali ndi zinenero zao. Pa mlandu wa cinenero kawirikawiri wodandaula za kuponderezedwa ali naye wina wamng'ono pansi pace.

Abwanamkubwa otsatira, Hubert Young ndi Harold Kittermaster, anayesa kukakamiza lamulolo, ndipo cida cao cinali cimodzi, ndico kumana thandizo sukulu yosamvera. Koma amishoni anakasuma ku London, ndipo akulu a kumeneko sanafune kukangana ndi mishoni imene inali kuphunzitsa ana ambiri cotero pa mtengo wocepa. Analamula kuti onse akhale pamodzi akambirane, ndipo msonkhano wa ku Zomba wa mu 1936 unasiya masukulu a kumpoto ndi ufulu wa kuphunzitsa m'cinenero cao. Mu 1947 Citumbuka cinalandiridwa pambali pa Cinyanja monga cinenero ca nchito za Boma kumpotoko. Lamulo linagwa cifukwa eni masukulu, eni mabuku ndi eni aphunzitsi sanali Boma.

Lamulo laciwiri ndilo limene linagwira. Mu September 1968 msonkhano wa caka ndi caka wa Malawi Congress Party unagamula ku Lilongwe kuti Cinyanja cizichedwa Cicewa, cikhale cinenero ca pfuko lonse, ndi kuti ico ndi Cingerezi zikhale zinenero za Boma. Caka cotsatira masukulu analandira mau akuti kuyambira Sitandade 1 kufikira 4 ana aziphunzira m'Cicewa, ndipo kuyambira Sitandade 5 m'Cingerezi. Citumbuka cinacotsedwa m'kalasi ndi pa wailesi. Nanga cinasiyana nciani ndi 1930? Coyamba, mphamvu inali itacoka m'manja mwa amishoni; malipiro a mphunzitsi, maphunziro ace ndi mayeso a ana zinali tsopano za Unduna. Caciwiri, mabuku analipo. Makina osindikiza a ku Nkhoma, a ku Likuni ndi a ku Blantyre anali atadinda za Cinyanja kwa zaka zambiri, olemba onga Samuel Ntara anali atadziwika kale, ndipo pambuyo pace Bungwe la Cicewa linakhazikitsidwa mu 1972 kuti lilongosole kalembedwe. Cacitatu, ndipo ici tisacibise, anthu ankaopa. M'masiku a Dr. Banda mphunzitsi wamkulu wotsutsa kalata ya Boma sankangotaya nchito yokha.

Komatu kumvera ndi kuphunzira ndi zinthu ziwiri. Mwana wa ku Karonga, wa ku Nsanje kapena wa m'midzi ya Ayao ku Mangochi ankalowa Sitandade 1 nakomana ndi buku la cinenero cimene sanacimvepo bwino, ndipo asanacizolowere anayenera kusenzanso Cingerezi. Aphunzitsi acifundo ankamasulira mwakacetecete m'cinenero ca pamudzi, woyendera masukulu akafika nabwerera ku Cicewa. Zimenezi sizinalembedwe m'buku la alendo la sukulu iri yonse, koma ambiri amene anaphunzira m'zaka zimenezo angacitire umboni.

Lamulo lacitatu linadza ufulu wa zipani zambiri utabwera. Mu 1994 Boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi m'masukulu a pulaimale, ndipo ciwerengero ca ana cinakwera kucokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni m'caka cimodzi. Aphunzitsi pafupi 20,000 analembedwa nchito mofulumira, ambiri a iwo asanalowepo m'koleji. Ndi m'kati mwa cipwirikiti cimeneci m'mene Unduna unaturutsa kalata ya pa 28 March 1996, yolamula kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aziphunzitsidwa m'cinenero ca makolo ao, ndi kuti Cicewa ndi Cingerezi zikhalebe maphunziro paokha. Kunena za nzeru ya kaphunzitsidwe, kalata imeneyi inali yolungama koposa zonse zinai, pakuti mwana agwira msanga kuwerenga m'mau amene awadziwa kale. Koma inafika yokhayokha. Mabuku a ana anali a Cicewa, mabuku otsogolera mphunzitsi anali a Cingerezi, ndipo a Ciyao, Cilomwe kapena Cisena kunalibe. Zinenero zina zinalibe ndi kalembedwe komwe kogwirizana. Makoleji sanasinthe maphunziro ao, ndipo aphunzitsi anapitirira kutumizidwa kuli konse, wosayang'ana cinenero cimene alankhula.

Tiyeni tiime pang'ono m'malo mwa mphunzitsi wamkulu wa pa sukulu ya m'dera la Ayao m'caka cimeneco. Kalata iti aphunzitse m'Ciyao. Mphunzitsi wace wa Sitandade 1 ndi mnyamata wa ku Dedza wosadziwa Ciyao, wosaphunzira nchito, ndipo ana ali oposa 100 pansi pa mtengo. Makolo nao sakondwa, cifukwa aganiza kuti Boma lifuna kutsekera ana ao njira ya ku Cingerezi, kumene kuli nchito. Ndipo aona kuti akuluakulu olemba makalatawo atumiza ana ao ku masukulu olipira kumene Cingerezi ciyambira pa khomo. Munthu wotere sanapandukire Boma. Anaika kalatayo m'kabati, napitiriza ndi buku limene anali nalo. Alangizi oyendera masukulu m'zigawo zazing'ono, amene anayamba nchito m'zaka zomwezo monga adzukulu a aphunzitsi a Jeanes, akadatha kuthandiza, koma naonso analibe buku lakuti amuonetse. Bungwe la Cicewa linali litathetsedwa, ndipo m'malo mwace munalowa Centre for Language Studies ya pa yunivesite ku Zomba mu 1996. Akatswiri a kumeneko anacititsa misonkhano nalongosola kalembedwe ka zinenero zingapo, koma nchito yao inadza kalata itapita kale, pamene inayenera kuitsogolera.

Lamulo lacinai linatembenuza zonse. Lamulo la Maphunziro la mu 2013 linati cinenero cophunzitsira m'masukulu ndi m'makoleji cikhale Cingerezi, ndipo mu 2014 Unduna unalengeza kuti zimenezi ziyambire pa Sitandade 1. Makolo ambiri anakondwa, akatswiri a zinenero nadandaula. Koma bvuto la 1996 linabweranso litabvala malaya ena: mphunzitsi wa kumudzi sangafotokoze masamu kwa mwana wa zaka 6 m'cinenero cimene mwanayo sanacimvepo, ndipo iye mwini nthawi zina sacilankhula momasuka. Cimene cinafikadi m'makalasi ang'ono ndi nchito ya kuphunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 ndi thandizo la America ndi Britain, pakuti inadza ndi mabuku a mwana ali yense, a Cicewa ndi a Cingerezi, ndiponso aphunzitsi anaitanidwa kukaphunzira kagwiritsidwe kace.

Pali cinthu cina cimene makalata a 1996 sanacikhudze, ngakhale cinali ndi mphamvu koposa iwo, ndico mayeso a Sitandade 8. Mbiri ya sukulu, ndi ya mphunzitsi wamkulu yemwe, imayesedwa ndi ciwerengero ca ana osankhidwa kupita ku sekondale. Mayesowo anakhalabe a m'Cingerezi, kupatula pepala limodzi la Cicewa, ndipo la Ciyao, la Citumbuka kapena la Cisena silinaikidwepo.